Victoria adavala chisoti, anzake adasenza mtolo

Chaka chilichonse ikakwana 8 Malichi, tsiku lokumbukira amayi pa dziko lonse, sipalephera kupezeka bwana wina wa tayi amene amakwera pa nsanja, kutsokomola kawiri, n'kutiuza kuti mkazi angathe chilichonse, popeza ngakhale Britain, dziko lomwe lidatilamulira, lidakula ndi kulemera m'manja mwa mkazi. Akatero amatchula dzina la Mfumukazi Victoria, anthu m'manja phaphapha, nthungululu kuli konse, kenako aliyense kukasaina alawansi. Madzulo ake mukalowa m'bawa mupeza gulu lina, la abambo amene amati zonsezi za ufulu wa amayi n'zachizungu, zidabwera pa sitima, ife kwathu kuno malo a mkazi ndi kukhitchini kuyambira makolo. Magulu awiriwa amaoneka ngati adani, koma ine ndikuti akumwa chitsime chimodzi. Oyambawo samudziwa mayi amene akumutamandayo. Achiwiriwo sadziwa katundu amene adatsikadi m'sitimamo.

Ndinene mosapsatira. Victoria adakhala pa mpando zaka 63, kuchokera mu 1837 mpaka mu 1901, ndipo pa nkhondo yonse imene akazi a dziko lake adamenya kuti malamulo awaone ngati anthu, iye adali mbali ya ogwira chitseko kuti chisatseguke. Kumutchula pa tsiku la amayi kuli ngati kuitana fisi kuti adzatsegulire msonkhano wa mbuzi.

Tiyambe ndi m'mene adaupezera mpandowo, poti anthu amalankhula ngati Angelezi adakhala pansi tsiku lina n'kugwirizana kuti tiyeseko mkazi. Ayi ndithu. Adaupeza chifukwa amuna adatha. Agogo ake, Mfumu George III, adabereka ana 15, koma pofika mu 1817 mdzukulu wobadwira mu ukwati wovomerezeka adali mmodzi yekha, Charlotte, ndipo chaka chomwecho adamwalira pochira ali ndi zaka 21. Pamenepo ana aamuna a mfumu, madoda a imvi ndi mimba zawo, adasiya zibwenzi n'kuthamangira kukwatira kuti apeze wolowa ufumu. Mmodzi wa iwo, Edward, wa zaka 50, adakwatira mayi wamasiye wa ku Germany, ndipo pa 24 Meyi 1819 kudabadwa Victoria ku Kensington Palace. Bambo akewo adamwalira mwanayo ali ndi miyezi isanu ndi itatu, asadabereke wina. Mchimwene wa bambo akewo, William IV, amene Victoria adamulowa m'malo, adali ndi ana khumi mwa mayi wochita zisudzo, Dorothea Jordan, koma lamulo lidati amenewo ndi apathengo, sawerengedwa. Kukadangobadwa kamnyamata m'nyumba ya Edward, kaya kamng'ono kwa Victoria, kaya kopepera, dzina la Victoria sitikadalimva. Lamulo loika mwana wamwamuna patsogolo pa mlongo wake wamkulu Angelezi adalisintha mu 2013, dzulodzuloli. Ndipo ufumu wa Hanover ku Germany, umene mafumu a Britain ankaulamuliranso, udakaniratu mkazi, n'kupita kwa mchimwene wina wa bambo ake, Ernest Augustus.

Kamtsikana kamene kadadzutsidwa m'bandakucha pa 20 Juni 1837 kuti kauzidwe kuti tsopano ndi mfumukazi, ine ndimakapatsa ulemu wake. Kadakula ngati mkaidi. Amayi ake ndi kapitawo wawo, John Conroy, adakaikira malamulo akuti kazigona m'chipinda cha amayi ake usiku uliwonse, kasatsike masitepe popanda wokagwira dzanja, kasacheze ndi munthu pawiri. Mu 1835, kakudwala mwakayakaya ku Ramsgate, Conroy adakakakamiza kusaina pepala lomupatsa iye udindo wa mlembi wake kakadzalowa ufumu. Kadakana, cholembera chili m'manja. Katangolowa ufumu ndi zaka 18, kadalamula kuti bedi lake lichotsedwe m'chipinda cha amayi ake. Munthu wotere mukadayembekeza kuti amvetsa msanga akamva kuti mkazi wina watsekeredwa. Taonani tsono zimene adachita zaka ziwiri zisadathe.

Mu 1839 mayi wina wosakwatiwa wa m'nyumba ya amayi ake, Lady Flora Hastings, adayamba kutupa mimba. Miseche idawanda m'nyumba yachifumu kuti ali ndi pakati, ndipo mwini wake ndi Conroy uja. Victoria, chifukwa cha chidani chake pa Conroy, adaikhulupirira misecheyo n'kuithira mchere. Flora adauzidwa kuti asaonekenso pa gulu kufikira madokotala atamuyeza. Adamuyeza, amuna okhaokha, n'kupeza kuti sadagonepo ndi mwamuna. Mu Julayi chaka chomwecho adamwalira ali ndi zaka 33, ndipo atamung'amba adapeza chotupa m'chiwindi. Anthu adakwiya mpaka ena adamuwowoza mfumukaziyo ku mpikisano wa akavalo ku Ascot. Mutha kunena kuti chidali chibwana, pajatu adali ndi zaka 20 zokha. Chabwino. Koma musaiwale za kuyezedwa mokakamiza kumeneku, tikumana nakonso kutsogoloku.

Pa 10 Febuluwale 1840 adakwatiwa ndi msuweni wake, Albert wa ku Saxe-Coburg. Adafunsira ndi iyeyo, chifukwa mwambo sunkalola kuti mwamuna afunsire mfumukazi. Pa guwa adalonjeza kumvera mwamuna wake monga mkwatibwi wina aliyense, ndipo anthu adamutama kuti taonani kudzichepetsa. Kudzichepetsa kotani, abale? Lonjezo limenelo kwa iye lidali lopepuka ngati nthenga, chifukwa lamulo limene linkamanga akazi onse okwatiwa mu England silinkamukhudza mfumukazi yolamulira. Chuma chake chidakhalabe chake. Boma linkamupatsa mapaundi 385,000 chaka chilichonse, m'dzina lake.

Nanga mkazi wamba? Tsiku la ukwati wake lidali tsiku limene ankafafanizidwa m'kaundula wa anthu. Lamulo linkati mwamuna ndi mkazi ndi munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo ndi mwamunayo. Ndalama zimene mkazi wabwera nazo, za mwamuna. Malipiro amene wakhetsera thukuta ku fakitale, a mwamuna, ngakhale mwamunayo akhale chidakwa chimene chidathawa pa khomo n'kungobwera pa tsiku la malipiro. Sangasaine mgwirizano, sangasumire munthu m'dzina lake. Ana, a mwamuna. Millicent Fawcett, mayi wophunzira bwino, mkazi wa phungu wa Nyumba ya Malamulo, adaberedwa kachikwama m'zaka za m'ma 1870, ndipo wakubayo atagwidwa, mlandu udawerengedwa kuti waba ndalama za Henry Fawcett. Mayiyo pambuyo pake adati adamva ngati wakubayo ndi iyeyo.

Amene ndikufuna mumudziwe bwino ndi Caroline Norton, mlakatuli ndi mlembi, mnzathu wa cholembera. Adakwatiwa mu 1827 ndi George Norton, munthu wa nkhanza amene ankamumenya. Mu 1836 George adatenga ana awo atatu, onse aamuna, n'kuwabisa kwa abale ake, kenako adasumira nduna yaikulu ya dziko, Lord Melbourne, kuti ikuyenda ndi mkazi wake. Khoti silidachedwe kuutaya mlanduwo. Koma Caroline, amene dzina lake ndi limene linkagubuduzidwa m'matope, sadaloledwe kulankhula m'khotimo, chifukwa pa lamulo iye kudalibe. Ukwati sakadatha kuuthetsa. Ana sakadatha kuwaona popanda chilolezo cha George. Ndalama za mabuku ake, George adali ndi ufulu wozitenga. Mu 1842 mwana wake wamng'ono, William, adagwa pa kavalo, chilonda chidanyalanyazidwa, ndipo pamene mayi ake ankafika adapeza maliro.

Mayi ameneyu ndiye adalemba timabuku, kugogoda pa makomo a aphungu, mpaka mu 1839 kudatuluka lamulo lolola mayi kupempha khoti kuti asunge ana osafika zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1855 adasindikiza kalata yaitali yolembera mfumukazi yeniyeniyo, kuifunsa kuti zitheka bwanji kuti m'dziko lolamulidwa ndi mkazi, akazi okwatiwa akhale ngati kulibe. Ndipo musaganize kuti nkhani yake idali yachilendo ku nyumba yachifumu. Melbourne yemwe uja ndiye adali nduna yaikulu yoyamba ya Victoria, mphunzitsi wake pa zandale, amene ankacheza naye pafupifupi tsiku lililonse. Caroline sadali munthu wofuna kugwetsa dziko ayi. Iye mwini ankanena kuti sakupempha kufanana ndi amuna, akungopempha chitetezo cha lamulo. Ngakhale pempho lofatsa choterolo adalimenyera yekha, ndi anzake ochepa opanda zisoti. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lamulo la kusudzulana lidabwera mu 1857, koma lidabwera lopendekeka. Mwamuna ankangofunika kuonetsa kuti mkazi wachita chigololo, basi ukwati watha. Mkazi ankayenera kuonetsa chigololo cha mwamuna n'kuonjezerapo china, monga nkhanza, mitala ya mseri, kapena kuthawidwa zaka ziwiri. Sikeloyi adaiwongola mu 1923, Victoria atagona m'manda zaka 22. Malipiro a mkazi wokwatiwa adakhala ake mu 1870, katundu wake yense mu 1882. Werengani nokha: mfumukazi idali itakhala pa mpando zaka 45 pamene mkazi wa ku England adaloledwa kunena kuti nyumba iyi ndi yanga.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti Victoria ankadziwa. Tikadati sadadziwe, ndikadamusiya agone. Pakati pa Novembala 1840 ndi Epulo 1857 adabereka ana asanu ndi anayi, ndipo pakati ankadana napo. Mwana wake woyamba, Vicky, atakwatiwa ku Prussia mu 1858, mayi ndi mwana adalemberana makalata zikwizikwi, ndipo m'makalatamo mfumukazi imavula chisoti n'kulankhula ngati mayi wa pa mtondo. Imati ukwati ndi juga. Imati mkazi amasanduka kapolo wa mwamuna wake, ndipo zimenezi zimaitsamwa pakhosi. Imati pa nthawi yobereka munthu umakhala ngati ng'ombe kapena galu. Mawu ngati amenewa akadawanena pa gulu kamodzi kokha, Britain ikadagwedezeka. Adawatsekera mu envelopu n'kumata.

Chimodzi ndimupatse. Mu 1853, pobereka mwana wachisanu ndi chitatu, Leopold, adalola dokotala John Snow kumununkhitsa chloroform kuti ululu uchepe, pa nthawi imene madokotala ena ankati n'zoopsa, ena n'kumati ululu wa pobereka ndi gawo la mkazi. Mfumukazi itachita, akazi ena adalimba mtima kupempha. Koma onani kuti apa ululuwo udali m'thupi lake lomwe.

Ululu wa ena unkamveka patali. Mu 1842, iye akulera ana awiri mothandizidwa ndi gulu la antchito ndi amayi olembedwa ganyu yoyamwitsa, lipoti la boma lidaulula kuti m'migodi ya malasha akazi ndi atsikana ankakwawa ndi manja ndi mawondo, lamba m'chiuno, tcheni pakati pa miyendo, kukoka ngolo za malasha mumdima, ena ali ndi pakati. Akazi oposa 1 miliyoni ankagwira ntchito m'nyumba za eni, kudzuka kusadache, kugona eni nyumba atagona. Mu 1888 atsikana ndi amayi pafupifupi 1,400 a pa fakitale ya machesi ya Bryant and May ku London adanyanyala ntchito chifukwa cha malipiro a nkhuku, zindapusa zosatha, ndi mankhwala a machesi amene ankawoletsa nsagwada. Amenewa ndiwo akazi a nthawi ya Victoria. Chithunzi chija cha mayi wofatsa wokhala pa mpando, kuluka, kudikira bambo abwere ku ntchito, chimene nyumba yachifumu inkachifalitsa ndi zithunzi za banja lake, chidali cha mabanja a ndalama. Mayiyo ankatha kukhala pansi chifukwa mkazi wina adali atagwada kukolopa.

Tsono tifike pa voti. Mu 1866 akazi pafupifupi 1,500 adasaina pempho loti nawonso aziponya voti, ndipo Emily Davies ndi Elizabeth Garrett adalinyamula kukalipereka kwa phungu John Stuart Mill. Chaka chotsatira Mill adapempha Nyumba ya Malamulo kuti m'lamulo la zisankho mawu oti mwamuna asinthidwe akhale munthu. Aphungu 73 okha ndiwo adavomera. Mu 1870 mayi wina wa banja lapamwamba, Lady Amberley, adalankhula pa msonkhano ku Stroud kuti akazi apatsidwe voti, maphunziro ndi ufulu pa chuma chawo. Victoria atamva adalembera Theodore Martin, mlembi wa mbiri ya mwamuna wake, kuti nkhani ya ufulu wa akazi ndi misala yoipa imene aliyense wodziwa kulankhula kapena kulemba ayenera kuithetsa, ndipo adati Lady Amberley akufunika chikoti. Chikoti, abale! Mkazi amene ankasaina malamulo a dziko, amene nduna zazikulu zinkapsompsona dzanja lake, akuti mkazi mnzake akwapulidwe chifukwa wapempha kuika kapepala m'bokosi. Chaka chomwecho adadandaulira nduna yaikulu William Gladstone kuti n'zonyansa atsikana kuphunzira udokotala pamodzi ndi anyamata. Patapita zaka 15 adalimbikitsa thumba la Lady Dufferin lopezera madokotala aakazi amayi a ku India, ntchito yabwino ndithu, koma zikuoneka kuti dokotala wamkazi adali wabwino bola akhale kutsidya la nyanja.

Ndikudziwa zimene omuikira kumbuyo anena. Ati mfumu ya ku Britain silemba malamulo, imangosaina. Zoona, koma Victoria sadali chidole. Mu 1839 Robert Peel atafuna kupanga boma, adamupempha kuti asinthe ena mwa amayi omutumikira amene adali a chipani chinacho. Iye adakana kwamtuwagalu, Peel adalephera kulowa, Melbourne adabwerera. Mu 1876 adafuna dzina loti mfumukazi yaikulu ya India, adamukakamira Benjamin Disraeli, ndipo adalipeza ngakhale aphungu ambiri ankang'ung'udza. Gladstone adamuvutitsa ndi makalata zaka zonse. Pa zimene ankazifuna, pakamwa pake sipankauma. Pa za akazi adalankhulanso, kungoti adalankhulira mbali inayo.

Ena ati adali mwana wa nthawi yake, tisamuweruze ndi maso a lero. Nanga Caroline Norton adali mwana wa nthawi ya yani? Elizabeth Garrett, amene adapeza chiphaso cha udokotala mu 1865 sukulu zonse zitamukana, adabadwira m'dziko lina? New Zealand idapatsa akazi voti mu 1893, ndipo mutu umene udali pa masitampa ake udali wa Victoria yemweyo. Nthawi idali imodzi, anthu ndiwo adasankha mosiyana.

Wosankha mosiyana kuposa onse adali Josephine Butler, mkazi wa mbusa. Mu 1864, 1866 ndi 1869 boma lidakhazikitsa malamulo ofuna kuteteza asilikali ku chindoko ndi chinzonono. M'matauni a asilikali ndi a madoko monga Aldershot, Portsmouth ndi Plymouth, wapolisi wosavala yunifomu ankatha kuloza mkazi aliyense amene wamuganizira kuti ndi woyendayenda. Mkaziyo ankayezedwa kumaliseche ndi zitsulo, afune asafune. Akakana, ndende. Akapezeka ndi matenda, ankatsekeredwa m'chipatala miyezi ingapo, mpaka isanu ndi inayi. Msilikali amene adamupatsa matendawo ankangopita kukamwa mowa. Mwakumbukira Flora Hastings uja? Zimene zidamuchitikira iye m'nyumba yachifumu tsopano zidasanduka lamulo la akazi osauka, ndi chidindo cha mfumukazi pansi pake. Butler adayenda dziko lonse kulankhula zinthu zimene mkazi waulemu sankayenera kuzitchula n'komwe. Adamugenda ndi ndowe, adamuthamangitsa m'mahotela, ndipo ku Pontefract mu 1872 adayatsa udzu pansi pa chipinda chimene ankachitiramo msonkhano. Sadabwerere m'mbuyo mpaka malamulowo adafafanizidwa mu 1886. Bwana wa tayi uja sindidamumvepo akutchula dzina limeneli.

Albert adamwalira pa 14 Disembala 1861 ali ndi zaka 42, ndipo Victoria adavala zakuda moyo wake wonse. Chisoni chake chidali chenicheni, sindichiseka. Kwa zaka zingapo adabisala ku Windsor, Osborne ndi Balmoral, osatsegulira yekha Nyumba ya Malamulo mpaka mu 1866, malipiro akulandirabe. Palibe mlamu amene adabwera ndi ngolo kudzatenga mipando. Mayi wamasiye wa ku Manchester kapena Glasgow akalira masiku atatu, lachinayi ankapita kukachapa zovala za eni, apo ayi iye ndi ana ake ankalowa m'nyumba ya amphawi ya boma, kumene pa chipata pomwepo mayi ankalowera uku, ana uko. Mu 1887, pa chikondwerero cha zaka 50 za ufumu wake, akazi mamiliyoni, ambiri a iwo osauka, adasonkha timakobidi kuti amupatse mphatso. Choyamba chimene iye adasankha chidali chiboliboli cha Albert atakwera kavalo. Zotsala, zimene mwamwayi zidali zambiri, ndizo zidakayambitsa ntchito ya anamwino oyendera odwala m'makomo.

Tsopano ndibwere kwa anzanga a ku bawa, amene amati ufulu wa amayi udatsika m'sitima ya azungu. Dziko lathu lidalowa m'manja mwa Britain mu Meyi 1891, pansi pa chisoti cha Victoria yemweyu. N'chifukwa chake msewu waukulu wa mu Blantyre ukutchedwa Victoria Avenue. Miyezi iwiri izi zisadachitike, mu Malichi 1891, khoti la apilo ku London lidali likumva mlandu wa Edmund Jackson, amene adagwira mkazi wake Emily akutuluka m'tchalitchi ku Clitheroe, kumuponya m'ngolo ndi kukamutsekera m'nyumba. Khoti loyamba lidati mwamunayo sadalakwe. La apilo ndilo lidagamula kuti mwamuna alibe ufulu wotsekera mkazi wake. Ndiye kuti anthu amene ankabwera kudzatiphunzitsa chitukuko adali atangozindikira kumene, chaka chomwecho, kuti mkazi si mbuzi yomangirira pa chikhomo. Zoti mwamuna angathe kuimbidwa mlandu wogwiririra mkazi wake, makhoti a ku England adazivomera mu 1991.

Kuno adapeza chiyani? Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe adapeza mwamuna akukakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, munda uli wa mbumba ya mkaziyo, ana akuwerengedwa kuchikazi, ukwati ukatha wonyamula mphasa ndi mwamuna. Adamva za Makewana wa ku Msinja, mayi amene ankaimira anthu popempha mvula, ndi za Nyangu, amene ufumu wa Kalonga unkachokera m'mimba mwake. Sindikuti kudali paradaiso. Mwinimbumba adali malume, mwamuna, ndipo akazi ankagwidwa ukapolo, kuperekedwa ngati chindapusa, kumenyedwa. Kwa Angoni ndi kumpoto zinthu zidali zina. Koma Naphiri akakwatiwa ankakhalabe Naphiri mpaka kumanda. Zoti mkazi ataye dzina lake n'kukhala Mrs Uje, zoti avale diresi loyera ndi velo, fasho imene Victoria adaitchukitsa pa ukwati wake wa 1840, zoti bambo ndiye wopita ku ntchito ya malipiro ndipo mayi wabwino ndi wodikira pa khomo ndi tiyi, zimenezo ndizo zidatsika m'sitima. Mayi wa kuno kukhitchini ankapitako madzulo, akuchokera ku munda, khasu pa phewa. Mamishoni, Livingstonia ya 1875 ndi Blantyre ya 1876, adatsegulira atsikana sukulu ndipo adalimbana ndi malonda a akapolo, zimenezo sitingawalande. Koma mnyamata ankakonzedwa kuti akhale mphunzitsi, kalaliki, kalipentala kapena mbusa, pamene mtsikana ankaphunzira kusoka, kuchapa ndi kusita, kuti adzakhale mkazi woyenera wa mphunzitsiyo. Mnzanga wa ku bawa akamamenya tebulo kuti akuteteza chikhalidwe cha makolo, theka la chimene akutetezacho ndi chikhalidwe cha Windsor.

Umboni wina udafika pa nyanja yathu pomwe. Chakumapeto kwa 1879 ku Cape Maclear kudabwera Jane Waterston wa ku Scotland, mmodzi wa akazi oyambirira kuphunzira udokotala ku London, amenenso adayendetsapo sukulu ya atsikana ku Lovedale ku South Africa. Adabwera kudzachiritsa. Amuna a pa mishonipo, motsogozedwa ndi Robert Laws, sadamuwerengere ngati dokotala mnzawo. Adamupatsa kalasi ya tiana. Iye adanyansidwanso ndi m'mene amishoni ena ankachitira ndi anthu akuda. Patangotha miyezi yochepa, mu 1880, adalongedza katundu. Adakathera ku Cape Town, kumene adachiritsa amayi osauka zaka zambirimbiri mpaka imfa yake mu 1932. Dziko limene lidalibe dokotala wamkazi ndi mmodzi yemwe lidamutaya chifukwa cha maganizo omwe aja a m'kalata ya mfumukazi kwa Gladstone.

Ifenso tidalawako za mkazi mmodzi pamwamba. Mayi Joyce Banda adatsogolera dziko lino kuyambira mu 2012 mpaka 2014, ndipo pa chisankho cha 2014 chiwerengero cha aphungu aakazi chidatsika kufika pa 32. Adalipo amene ankati nanga mukufunanso chiyani, si uyo mwamuona ku Sanjika? Angelezi adaimba nyimbo yomweyo zaka 63.

Victoria adamwalira ku Osborne pa 22 Januwale 1901 ali ndi zaka 81. Adasiya malangizo akuti amuike m'bokosi atavala zoyera, velo ya ukwati wake kumaso, chovala cha Albert pambali pake. Pa tsikulo padalibe mkazi ndi mmodzi yemwe mu Britain amene adali ndi voti yosankhira phungu. Patapita zaka ziwiri Emmeline Pankhurst adayambitsa gulu lake ku Manchester, ndipo akazi adatopa ndi kupempha mwaulemu: adaswa magalasi, adamangidwa, adakana kudya m'ndende, adawathira chakudya ndi paipi m'mphuno. Voti idabwera mu 1918 kwa a zaka 30 kupita m'tsogolo amene adali ndi nyumba kapena okwatiwa ndi eni nyumba, ndipo kwa onse mofanana ndi amuna mu 1928. Pankhurst adamwalira kutatsala masabata ochepa kuti lamulolo lisainidwe. Millicent Fawcett, wa kachikwama uja, amene adamumva Mill akulankhula mu 1867 ali mtsikana wongokwatiwa kumene, adakhala m'Nyumba ya Malamulo kuonerera lamulolo likutsirizidwa ali gogo wa zaka 81. Ziboliboli za Victoria zili mbwee kuchokera ku London mpaka ku Kolkata. Cha Fawcett adachiimika pa bwalo la Parliament Square mu 2018, choyamba cha mkazi pa bwalopo, pakati pa amuna 11.